Webusaiti ya shopu yosoka kwa munthu wosadziwa kulemba khodi: tisankhe njira iti?

Mayi a shopu ya ku Limbe:
Akuluakulu nonse a m'gulu lathu la atelala, ndikupempha nzeru zanu. Sukulu ina yomwe si ya boma ikufuna munthu woti azisokera ana ake mayunifolomu chaka chamawa, ndipo pa fomu imene yatipatsa pali malo olembapo webusaiti ya bizinesi komanso imelo. Ine ndili ndi tsamba la Facebook ndi nambala ya WhatsApp basi. Makasitomala athu a ku Johannesburg, omwe amaoda zovala za chinkhoswe, nawonso amadandaula kuti akafuna kuonetsa anzawo ntchito yathu amachita kufukula zithunzi zakale m'macheza. Za kulemba khodi sindidziwa chilichonse, ndipo laputopu ndimachita kubwereka kwa mwana wa achemwali anga. Mayina amene ndamvapo ndi Wix, WordPress, Shopify ndi Google Sites. Kodi pamenepa ndi iti ingayenere shopu ya makina anayi, ndipo ndikonzekere ndalama zotani pachaka?

Bambo osoka masuti ku Mzuzu:
Mayi, ine ndinagwiritsa ntchito Wix ndipo pa nkhani ya kuphweka sindingainyoze. Mumasankha template, ndiye kuti tsamba lachitsanzo lokonzedwa kale, kenako n'kumachotsa zithunzi ndi mawu awo n'kuikapo zanu, ndipo chilichonse mumachikoka ndi mausi n'kuchiika pamene mwafuna. Munthu wodziwa kuika chithunzi pa Facebook sangalephere. Koma mudziwiretu kuti yaulere imakhala ndi chikwangwani chotsatsa Wix pamwamba pa tsamba lanu, ndipo adiresi yake imakhala yaitali, yokhala ndi mawu akuti wixsite.com. Kuti zimenezi zichoke n'kuikapo dzina lanulanu, pamafunika kulipira, ndipo malipirowo ndi a madola kudzera pa khadi ya kubanki.

Mayi a ku Area 25, Lilongwe:
Bambo a ku Mzuzu atchula mawu akuti madola kumapeto, koma ine ndikuona kuti nkhani yonse iyenera kuyambira pomwepo. Webusaiti si chinthu cholipira kamodzi. Wix, Squarespace ndi Shopify onse amadula ndalama mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo ife timapeza makwacha pamene iwo amafuna madola. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 kubanki. Aliyense amene anali ndi bilu ya madola anaiona ikukwera tsiku limodzi asanasoke ndi malaya amodzi omwe owonjezera. Komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko muno, khadi ikhoza kukana kulipira kunja ngakhale mu akaunti muli ndalama. Ikakana pa tsiku lolipira, webusaiti imabwerera ku yaulere kapena kuima, mwina pa nthawi yomwe asukulu akuiyang'ana.

Shopify ndinganene mosabisa kuti muichotse pa mndandanda. Inapangidwira munthu wogulitsa katundu wofanana wambirimbiri, woti kasitomala asankhe, alipire ndi khadi, katundu anyamuke. Ntchito yathu siyenda choncho. Palibe amene amalipira diresi la chinkhoswe asanakambirane za nsalu, za muyeso wa m'chiuno ndi m'mapewa, ndiponso za tsiku limene akulifuna. Kuwonjezera apo, njira yawo yolandirira ndalama ya Shopify Payments sigwira ntchito kwa bizinesi ya ku Malawi, choncho mungamalipire mwezi uliwonse chinthu chimene simukuchigwiritsa ntchito mokwanira.

Achimwene osoka mayunifolomu ku Zomba:
Ndiloleni ndilongosole za WordPress, chifukwa dzinali limasokoneza anthu ambiri. Pali zinthu ziwiri zosiyana. WordPress.com ndi kampani imene imakusungirani tsamba monga imachitira Wix. Ili ndi gawo laulere lokhala ndi malonda otsatsa ndi adiresi yothera pa wordpress.com, ndipo zabwinopo zimalipiridwa ndi madola. WordPress.org ndi pulogalamu yaulere, yomwe inayamba mu 2003, imene mumaiika pa hosting, malo osungira webusaiti, yomwe mwachita lendi kwa aliyense amene mwafuna. Mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lonse amayendera pulogalamu imeneyi. Ubwino wake kwa ife ndi woti kuno kwathu alipo makampani a hosting olandira makwacha, komanso mukakhumudwa ndi mmodzi mukhoza kunyamula tsamba lonse n'kupita kwa wina. Tsamba la Wix silisamuka; mukafuna kuchoka mumayambiranso, kukopera mawu ndi zithunzi pamanja.

Komabe, ngakhale ndimaigwiritsa ntchito ndekha, sindikukulangizani kuti muyambire pamenepa. WordPress imafuna kusamalidwa. Ma plugin (timapulogalamu towonjezera) ndi ma theme (maonekedwe a tsamba) ake amafuna kuikidwa atsopano pafupipafupi, ndipo tsamba losiyidwa miyezi yambiri osaligwira ndi limene akuba a pa intaneti amalowamo n'kudzazamo malonda a juga. Munthu wobwereka laputopu, amenenso mu Disembala alibe nthawi yodzutsa mutu pa makina, ntchito imeneyi imulemera.

Bambo aakulu a ku Mangochi:
Ana anga, inu mukukambirana za pulogalamu, koma ine ndikufuna Mayi a ku Limbe amve za umwini. Zaka zapitazo ndinalipira mnyamata wina wodziwa makompyuta kuti andikonzere webusaiti. Anaikonza bwino ndithu, ndipo adiresi yake ndinaisindikiza pa malisiti, pa chikwangwani cha shopu ndi pa timalebulo tosokera m'makolala. Chaka chitatha tsambalo linazima. Nditafufuza ndinapeza kuti domain, ndiye kuti adiresi ya webusaitiyo, anailembetsa m'dzina lake, ndi imelo yake, ndipo uthenga wokumbutsa kulipira unkapita kwa iye. Mnyamatayo anali atapita kunja ndipo foni yake sinkapezekanso. Ogulitsa domain anandiuza mwaulemu kuti sangapereke dzinalo kwa munthu amene sali m'kaundula wawo. Timalebulo tija tinakhala tikulozera anthu kumalo kopanda kanthu mpaka tinatha.

Choncho kaya musankha Wix kaya china chilichonse, domain mulembetse nokha, ndi dzina lanu, imelo yanu ndi nambala yanu ya foni. Wokuthandizani akhale pambali n'kumakulozerani, koma pasiwedi muilembe ndi zala zanu.

Mayi a shopu ya ku Limbe:
Zikomo Bambo, nkhani yanu yanditsegula maso. Koma ndikhululukireni, ndikufuna ndimvetse bwino: domain ndi hosting zikusiyana pati? Ine ndimaona ngati ndi chinthu chimodzi chimene munthu amagula.

Achimwene osoka mayunifolomu ku Zomba:
Mayi, funso lanu ndi lofunika kwambiri. Domain ndi dzina limene anthu amalemba kuti akupezeni, monga dzina la shopu yanu lotsatana ndi .com kapena .mw. Hosting ndi kompyuta imene imasunga zithunzi ndi mawu anu usana ndi usiku. Hosting ili ngati chipinda cha lendi, pamene domain ili ngati chikwangwani cha shopu: mukasamuka chipinda mumazula chikwangwani n'kukachikhoma kwina, ndipo makasitomala amakupezanibe. Domain imalipiridwa pachaka, ndipo ya .com nthawi zambiri imakhala pakati pa madola 10 ndi 20. Muyang'ane mtengo wa chaka chachiwiri musanagule, chifukwa ogulitsa ambiri amatsitsa kwambiri chaka choyamba n'kudzakweza pobwereza.

Achemwali osokera ku Johannesburg:
Ine ndilankhule ngati munthu amene amakhala ndi makasitomala omwe Mayi akuwatchulawo. Mayi wa kuno wofuna zovala za chinkhoswe za anthu khumi amatsegula tsamba pa foni, nthawi zambiri ali m'takisi kapena pa nthawi yopuma kuntchito. Amafuna kuona zinthu zochepa: zithunzi za ntchito imene munasokadi, mitengo yoyambira, nthawi imene oda imatenga, mmene angatumizire miyeso, ndi batani lomufikitsa pa WhatsApp. Dipoziti amatumiza pa Mukuru kapena amauza wachibale kumudzi kuti aike pa Airtel Money kapena Mpamba. Sindinaonepo amene anasiya telala chifukwa tsamba lake linalibe polipirira ndi khadi, koma amene amatseka tsamba chifukwa likuchedwa kutseguka ndi ambiri.

Kuchedwako kumachokera ku zithunzi. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimalemera mamegabaiti atatu kapena anayi, ndipo mukaika makumi awiri otere pa tsamba limodzi, munthu wa bandulo yaing'ono amathawa. Muzichepetse kaye chisanakwere, chifike pa makilobaiti 200 kapena 300, ndipo chimaonekabe bwino. Pojambula, diresi mulivike pa chidole kapena livalidwe ndi munthu amene wavomera kujambulidwa, muime pakhonde m'mawa dzuwa lisanakwere, kumbuyo kukhale khoma loyera lopanda zingwe ndi zidebe. Mujambulenso pafupi, kuti msoko wa m'khosi, zipi ndi mpendero zioneke, chifukwa amene amadziwa zovala amayang'ana pamenepo. Zithunzi zotengedwa pa intaneti musaike ngakhale chimodzi. Kasitomala akadzalandira chosiyana ndi chimene anaona, dzina lanu ndi limene limaipa.

Ndikugwirizananso ndi Bambo a ku Mangochi pa chifukwa china. Mu Malichi 2024 Google inatseka mawebusaiti aulere amene anthu ankapanga kudzera mu Google Business Profile, momwe mabizinesi amalembetsa kuti azioneka pa Google, aja a adiresi yothera pa business.site. Amene anasindikiza adiresi imeneyo pa makadi awo anataya. Zaulere zimatha mwini wake akafuna, koma amene ali ndi domain yake amangoilozera kwina.

Achimwene osoka mayunifolomu ku Zomba:
Nditamva zonsezi, maganizo anga ndi awa. Mayi agwiritse ntchito Google Sites, koma ndi domain yawoyawo. Google Sites ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Gmail, siika malonda otsatsa pa tsamba, ilibe ma plugin oti muziwasamala, ndipo imalola kulumikiza domain yanu popanda kuilipira Google kanthu. Ndiye kuti bilu yapachaka ndi ya domain yokha. Kulumikizako ndi ntchito yakamodzi: mumatsimikizira Google kuti domain ndi yanu, kenako mu akaunti ya kumene munagula domain mumaika mzere wotchedwa CNAME wolozera www ku ghs.googlehosted.com. Zimatenga maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu, kuti ziyambe kugwira.

Chofooka chake chachikulu ndi choti kukonza tsamba kumafuna kompyuta, pa foni sizitheka bwino. N'chifukwa chake ndikuti pa webusaiti paikidwe zinthu zosasintha kawirikawiri: tsamba lofotokoza shopu ndi pamene ili, la mayunifolomu, la zovala za chinkhoswe ndi ukwati, ndi la kalozera wa katengedwe ka miyeso. Zosintha sabata ndi sabata, monga zitenje zatsopano ndi mitengo, zikhale mu katalogu ya WhatsApp Business, yomwe imalandira zinthu mpaka 500 ndipo mumaikonza pa foni muli pa shopu. Pa tsamba lililonse pakhale batani la linki yotsegula WhatsApp, ya wa.me yotsatana ndi 265 ndi nambala yanu mutachotsa ziro woyamba. Potero laputopu ya mwana wa achemwali mudzaifuna mwa apo ndi apo.

Bambo osoka masuti ku Mzuzu:
Njirayi ndi yotsika mtengo, sindikukana. Nkhawa yanga ndi maonekedwe. Google Sites ili ndi ma template ochepa ndipo masamba ake amafanana, pamene ntchito yathu ndi yogulitsa kukongola. Kodi asukulu kapena mkwatibwi sadzaona ngati shopuyo ndi yachabechabe?

Mayi a ku Area 25, Lilongwe:
Bambo, mfundo yanu ndi yomveka, ndipo kwa inu amene masuti anu amagulidwa ndi anthu a m'maofesi, Wix yolipira ikhoza kubweza ndalama zake. Koma mphunzitsi wamkulu akatsegula tsamba la Mayi akufuna kutsimikiza kuti shopuyo ilipodi, kuti inasokerapo sukulu zina, kuti ikhoza kumaliza mayunifolomu mazana angapo teremu isanayambe, ndiponso kuti ili ndi chiphaso cha bizinesi. Tsamba loyera lokhala ndi zithunzi zabwino za ntchito yeniyeni limayankha zimenezi. Shopu ikadzakula n'kufuna zambiri, adzasamukira ku Wix kapena WordPress ndi domain yomweyo, ndipo masamba anayi savuta kumanganso.

Mayi a shopu ya ku Limbe:
Ndathokoza nonse kuchokera pansi pa mtima. Nditenga Google Sites, domain ndigula ndekha m'dzina langa, ndipo katalogu ya WhatsApp ndiyamba kuikonza mawa. Chatsala ndi imelo ya pafomu ija, komanso ngati ndisankhe .com kapena .mw.

Achimwene osoka mayunifolomu ku Zomba:
Pa imelo, Google Sites sipereka adiresi ya dzina la shopu, choncho pogula domain mufunse ngati ogulitsawo ali ndi email forwarding. Ena amaipereka mwaulere, ndipo kalata yolembedwa ku adiresi ya dzina la shopu yanu imangogwera mu Gmail yanu. Pa .com ndi .mw, zonse zimagwira ntchito ndi Google Sites. Mufunse mitengo ya zonse ziwiri kwa ogulitsa a kuno olandira makwacha, ya chaka choyamba ndi yobwereza, ndipo muonetsetse kuti akupatsani akaunti yoti mutha kusinthiramo nokha mzere wa CNAME uja. Ngati thumba lilola, mulipiriretu zaka ziwiri, ndipo tsiku limene domain idzathe mulilembe m'buku la maoda. Mukafika pa CNAME mundiimbire Loweruka masana, tidzachitire limodzi pa foni inu muli pa laputopu.