WiFi ya m'chipinda chowerengera: titseke Facebook ndi TikTok kapena ayi?

Alembi (Blantyre): Moni nonse abale. Solala yaikidwa kale pa chipinda chowerengera chija ndipo makompyuta asanu afika. Chatsala ndi WiFi. Amfumu ndi komiti ya makolo apempha kuti Facebook ndi TikTok zitsekedwe, ana azilowa pa zamaphunziro zokha. Timve maganizo anu tisanalipire.

Mayi a Tadala (kumudzi): Ine ndili mbali ya makolo. Inu a m'tauni mwaiwala 2017? Kuno ku Mulanje tinkagona panja m'magulu, amuna atagwira zibonga ndi zikwanje, kuopa anamapopa. Uthenga unkafika pafoni usiku, kukacha msewu watsekedwa ndi miyala. Anthu anaphedwa osalakwa, a United Nations mpaka anachotsa antchito awo kuno ndi ku Phalombe. Ndiye tisonkhe ndalama zoti zimenezo zilowe m'manja mwa ana?

AMbewe (Joni): Pepani mayi, zinali zowawa zija. Koma anamapopa sanabadwire m'foni. Mu 2002 mphekesera yomweyo inavuta ku Thyolo ndi kwathu ku Mulanje, pomwe Facebook inadzayamba mu 2004. Anthu ankauzana pachigayo ndi pamaliro. Chimene chinapha anthu ndi mantha komanso kusowa wowauza zoona.

Aphunzitsi opuma: AMbewe akunena zoona. Ife tinakula nthawi ya Kamuzu. Lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi, akuti zikuononga chikhalidwe. Kanema wa dziko lino anadzatsegulidwa mu 1999. Chilichonse chachilendo timayamba n'kuchiopa. Mdzukulu wanga wa Fomu 3 masamu akuphunzirira pa YouTube, ndipo mapepala a mayeso akale a MANEB amatumizirana pa WhatsApp.

Mayi a Tadala: Aphunzitsi, thalauzi silinalizepo mwana. Mwana wa mchemwali wanga anzake anatenga chithunzi chake, n'kuchisintha mochititsa manyazi, n'kuchimwaza pagulu la kalasi. Masabata awiri osapita kusukulu, chakudya ankadyera kuchipinda, ngakhale kumjigo ankakana. Amenewa si mantha chabe ayi.

Anachisale (Leeds): Mayi, nkhaniyi yandikhudza kwambiri. Dziwani kuti lamulo lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndipo kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu. Vuto kumudzi ndani akulidziwa? Ku Australia mu 2024 anakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 pa masamba a mchezowa, koma amene amalipitsidwa chindapusa ndi makampani, osati mwana kapena kholo. Makampaniwa anazipanga dala kuti munthu asamasiye kuyang'ana. Ife a gulu lino sitingawafinye, koma chipinda chathu tingachiikire malamulo.

AMbewe: Malamulo inde, koma kutseka ayi. Ku Uganda mu 2018 boma linaika msonkho wa mashilingi 200 patsiku pa masamba amenewa, akuti kuthana ndi miseche. Achinyamata anangoika VPN, pulogalamu yozembera zotchinga za pa intaneti, n'kumapitiriza. Athuwanso tikawatsekera azikabwereka foni pamsika pomwe palibe wamkulu wowaona. Bola azilowera pamaso pathu.

Aphunzitsi opuma: Nanga tikati makompyuta onse ayang'ane pakati pa chipinda, TikTok itsekedwe, Facebook izitsegulidwa Loweruka lokha? Ine ndadzipereka kumakhalapo masana atatu pasabata, ndiziwaphunzitsanso kuzindikira uthenga wabodza.

Mayi a Tadala: Ndivomera pokhapokha pakhalenso mayi woyang'anira. Mtsikana sangakuuzeni inu abambo zimene zamuchitikira. Ndipo mwana wa pulayimale asayandikire Facebook.

Alembi: Ndalemba zonse. Mayi woyang'anirayo azilandira kangachepe kapena ndi wodzipereka? Asungichuma atiuze zomwe zatsala m'thumba, kenako Lamlungu tikaonane ndi amfumu.