Chiliza cha agogo athu a Keyala, tilembepo chani?

Mdzukulu wa ku Bawi:
Abale ndithandizeniko, agogo anatisiya chaka chatha kuno ku Ntcheu, anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) anakamenya nkhondo ku Burma, pobwerako analera ana awo ndi amasiye omwe ndi ulimi wa mbatatesi basi. Tikufuna timange chiliza, mamendulo awo tiwatani?

Nangozo:
Pepani achimwene. Mamendulowo musamatire pa simenti chonde, aba. Sungani m'nyumba, pachiliza lembani dzina, mfunda wawo ndi nambala ya usilikali ngati khadi lilipo.

Bambo a Chikondi, Dedza:
Ku Burma anyamata athu analiko 1944, ankamenyana ndi ma Japan munkhalango, mvula ndi malungo zosatha. Agogo anganso anali konko, mpaka ukalamba nsapato ankapolisha okha m'mawa uliwonse ngakhale akupita kudimba, mdzukulu ukayenda mokhwekhwereza miyendo umamva liwu lija mpaka kuseli kwa khola. Anawo mudzapite nawo ku Zomba akaone chipilala cha Keyala, mwambo wokumbukira umachitika mu Novembala.

Nangozo:
Komanso tsiku la mwambo wa chilizacho ngoma isalephere, anali Mngoni malemu uja, zishango zituluke.