Akai 4000DS ikutaya mawu tepi ikangoyenda mphindi ziwiri

Wa ku Nchalo: Akuluakulu, ndithandizeni, pakuti ndatha masiku anayi pa makina amodzi. Mpingo wina wandibweretsera Akai 4000DS, makina oimbira matepi okulungidwa pa ma reel, pamodzi ndi matepi akale a kwaya ndi a ulimba kuti ndiwasamutsire pa kompyuta. Lamba ndasintha, pinch roller (kagudumu ka labala kopanikiza tepi) ndatsuka, ma head (tizitsulo towerenga mawu pa tepi) ndapukuta ndi isopropyl mpaka thonje kutuluka loyera, koma tepi ikangoyenda mphindi ziwiri pa liwiro la 7.5 ips (mainchesi 7.5 pa sekondi) mawu akuthwa amazimirira, tepi imayamba kulira kuti tswii, ndipo pa head pamamatirira zofiirira zonga phula.

Wa ku Ngabu: Achimwene, sinthani ma capacitor onse, tizipangizo tosunga magetsi m'kati mwa makinawo. Makina a m'ma 1970 amenewa ma capacitor ake anauma kalekale.

Mkulu wa ku Bangula: Ma capacitor sapaka phula pa head, bambo. Vuto lili pa tepi. Ngati kumbuyo kwake kuli kwakuda, monga tepi ya Ampex 456, guluu wogwira oxide (zofiirira zosunga mawu pa tepi) wamwa chinyezi, ndipo kuno kuchigwa chinyezi ndi kutentha zimafulumizitsa matendawa. Lekani kuiyendetsa lero lomwe, chifukwa zofiirira mukupukutazo ndi nyimbo zenizenizo zikusupuka. Matepi otere amawaumitsa pa madigiri pafupifupi 54 Celsius kwa maola angapo, m'chipangizo chosunga kutentha kosasintha, kenako n'kuwasiya azizire tsiku lathunthu asanawakopere.

Wa ku Ngabu: Aumitse, koma popanda ma capacitor atsopano mawu adzakhalabe obisika.

Wa ku Nsanje boma: Chenjerani ndi kuumitsako. Madzi osefukira a mu 2015 atapita, munthu wina anandibweretsera matepi a ukwati wa makolo ake atachita chuku, ine n'kuwayanika padenga la malata poganiza kuti dzuwa la kuno lingachite ntchito ya uvuni. Pofika masana reel ya pulasitiki inali itapindika ngati mbale, tepi itakwinyika m'mphepete monse. Mwiniwake sanandikalipire, anangoinyamula n'kumapita, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Komanso yambani mwaunika reel pa kuwala: ngati kuwala kukudutsa, imeneyo ndi tepi ya acetate, mtundu wakale wa pulasitiki, ndipo kutentha kumaiwonongeratu.

Mkulu wa ku Bangula: Zoona. Ndiwonjezere kuti musakhudze sikuluwu ya azimuth, yowongolera kapendekeke ka head, musanaike chizindikiro pamene inali, ndipo musanapeze tepi yoyesera, yokhala ndi mawu ochunira makina. Demagnetizer, chipangizo chochotsera maginito pa ma head, muigwiritse ntchito makina ali ozimitsa, muichotse pang'onopang'ono mpaka italike ndithu musanaizimitse, matepi ali kutali. Spiriti wa mtundu uja wa m'magolosale asayandikire ma head, amasiya zotsalira.

Wa ku Dyeratu: Muonenso ngati makinawo aikidwa pa 50 Hz, mogwirizana ndi magetsi a kuno. Ine ndinalandirapo ena ochokera ku America a 60 Hz, kwaya yonse inkaimba motsika ndi mochedwa ngati ili pamaliro, ndipo ndinavutika sabata yathunthu ndikusakasaka vuto pa lamba. Pa jenereta musakopere konse, liwiro limasinthasintha.

Wa ku Ngabu: Zonsezi ndamva, koma ine ndakonza ma Akai ambiri, ndipo palibe imene inatuluka pakhomo panga ndi ma capacitor akale.

Wa ku Nsanje boma: Kodi alipo amene ali ndi tepi yoyesera ya 7.5 ips kuno kuchigwa, kapena mpaka tikwere Thabwa kukabwereka ku Blantyre?