Anzathu atatu anachoka, ntchito yawo yagwera ife otsala, inu mumapirira bwanji?

Wotsala_pa_desiki

Abale ndithandizeni maganizo. Mu dipatimenti yathu ya ma akaunti tinalipo anthu 7, chaka chatha mmodzi anapuma pa ntchito, awiri anapeza kwina, ndiye mpaka lero palibe amene walembedwa m'malo mwawo. Tikafunsa, bwana amangoti tipirire kaye nkhani ili kwa akuluakulu, apa miyezi 10 yakwana tikungopirirabe. Ine ndikugwira yanga, kuphatikiza ma invoice a mnzanga anachoka uja, foni ya pa desiki lake ikalira ndiyankhenso ndine. Kumathero a mwezi ndimaweruka cha m'ma 9 usiku, mlonda amachita kubwera kudzafunsa ngati azimitse magetsi. Dzulo mwana wanga amandionetsa chomwe wajambula kusukulu, ndinamukalipira popanda chifukwa, kenako ndinakadzitsekera ku bafa kumalira. Chomwe chandiwawa kwambiri, sabata yatha ndinalakwitsa nambala imodzi pa lipoti ndiye andipatsa kalata yochenjeza, munthu zaka 6 sindinayitanidwepo pa mlandu uliwonse. Kodi ndingosiya, kapena ndine amene ndafooka?

Namwino_wausiku

Pepani kwambiri achemwali, simunafooke ayi. Ine ndine namwino, pa shifiti ya usiku nthawi zina timatsala awiri wodi yonse, ukamamuika diripi uyu uko wina akuitana, wina nthawi ya mankhwala yadutsa, ndipo ukafika kunyumba tulo osabwera ukungoganiza kuti kodi bedi lakumapeto lija ndinalionanso? Zolakwitsazo zimabwera chifukwa mutu wa munthu uli ndi malire. Kafukufuku wa Linda Aiken ndi anzake wa 2002, m'zipatala 168 za ku Pennsylvania ku America, anapeza kuti namwino akamuonjezera wodwala mmodzi yekha, chiopsezo choti wodwala wa opaleshoni amwalira pasanathe masiku 30 chimakwera ndi 7%, ndipo choti namwinoyo atoperatu chimakwera ndi 23%. Apa mukuona kuti kuchuluka kwa ntchito kuli ndi zotsatira zake. Ngakhale a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, mu 2019 anakulemba kutoperatu kumeneku, kumene amati burnout, kuti kumachokera ku nkhawa ya kuntchito yokhalitsa imene sinasamalidwe bwino, ndipo zizindikiro zake ndi kutheratu mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito yako, komanso kusagwira bwino monga kale. Ndiye nambala munalakwitsayo musadziweruze nayo.

Kale_supavaiza

Ndiyankhule ngati munthu amene ndinakhalapo mbali inayo, ndipo izi ndimazimvera chisoni mpaka pano. Malo akakhala opanda munthu koma lipoti likufika pa nthawi yake mwezi ndi mwezi, kumwambako amaona ngati anthu 4 akukwanira, ndiye ndalama ya malipiro a atatu aja imasanduka ndalama yopulumutsidwa, alembenso munthu chifukwa chani? Mukamatsala mpaka usiku mwakachetechete mukubisa dzenje ndi thupi lanu, iwo saliona. Ine ndinkawauza anthu anga kuti pirirani, mpaka mnyamata wina wolimbikira kwambiri anandibweretsera kalata yosiya ntchito, ndipo otsala aja katundu anawalemeranso, pasanapite nthawi winanso anachoka. Zimayenda choncho, mmodzi akachoka amakoka mnzake.

Chitani izi. Lembani maola anu tsiku lililonse, nthawi yolowa ndi yotuluka. Kenako imelo kwa bwana, yaulemu, yosakwiya, muike ntchito zonse zili m'manja mwanu ndipo mufunse kuti mwa izi ndiyambe ziti, ziti zidikire. Asankhe iwowo, polemba. Kalata yochenjezayonso muiyankhe, muvomere kulakwitsa koma mutchule kuti tsikulo mumagwira ntchito ya anthu angati.

Bambo_wa_atatu

Malangizo abwino akulu, koma kunena nkosavuta. Ena tili pa kontrakiti ya chaka chimodzi, ukangoyankhula akuyika chizindikiro, ikatha sakuonjezera. Ine ndimangoti zii chifukwa ana akudalira ine.

Wa_yuniyoni

Bambo, mantha anuwo ndi oona, nchifukwa chake nkhani ngati iyi osapita wekha. Otsala 4 aja asaine kalata imodzi, kapena adutsire ku bungwe la ogwira ntchito ngati lilipo, munthu mmodzi ndi wosavuta kumuopseza koma dipatimenti yonse ayi. Komanso kukhala chete kuli ndi mtengo wake. A WHO ndi ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, analengeza mu 2021 kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko komanso matenda a mtima chifukwa chogwira maola 55 kapena kuposa pa sabata, ndipo chiopsezo cha sitiroko chimakwera ndi 35% poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Pangano loyamba lenileni la ILO, la 1919, linali la maola, 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata m'mafakitale. Achemwali onaninso kontrakiti yanu ikuti chani za ovataimu, mukulandira koma?

Wotsala_pa_desiki

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Ovataimu sitilandira, amati tidzapuma masiku ena koma tchuthi changa cha chaka chatha sindinachitengebe. Ndawerengera maola a sabata yatha, akwana 61, ndinachita mantha nditaona. Anzanga awiri avomera kusaina nawo kalata, wachitatu akuti aganize kaye, ali ndi mantha ngati a Bambo_wa_atatu ndipo sindikumukakamiza. Mawa m'mawa ndipita kukayezetsa BP chifukwa mutu wakhala ukundiwawa kumbuyoku masabata awiri. A Kale_supavaiza, kalatayo tipereke kwa bwana wathu yekha kapena a HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, alandirenso yawo tsiku lomwelo?