Kujambula nkhope za anthu ku Mangochi: chidwi chinatha, ndichipezenso kuti?

Wojambula wa pa Boma

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndakhala ndikujambula anthu kwa zaka 6 pano pa Boma popanda kulembedwa ntchito ndi wina aliyense, ndipo ndalama ya lendi ndi ya ndiwo imachokera ku maukwati, zinkhoswe, zithunzi za pasipoti ndi za ana amene amaliza Fomu 4. Sindikudandaula za njala. Chimene chikundivuta n'chakuti mtima wanga unachoka pa ntchitoyi. Makasitomala ambiri amafuna malo omwewo, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria kapena pa mlatho wa Bakili Muluzi, dzanja lili m'chiuno, ndipo akangolandira chithunzi pa WhatsApp amafunsa ngati sindingawayeretseko khungu. Madzulo ndikamasankha zithunzi pa kompyuta ndimaona ngati ndajambula munthu mmodzi yemweyo maulendo 50. Inu amene munayamba kale, kodi munatani kuti ntchitoyi izikukomeranibe?

Mdala wa ku Monkey Bay

Mwana wanga, zimene ukunenazi ndinadutsamo. Ine ndinayamba m'nthawi ya filimu, pamene mpukutu umodzi unkatulutsa zithunzi 36 zokha, ndipo tinkautumiza ku Blantyre kukatsukitsa n'kudikira milungu iwiri tisanadziwe ngati mkwatibwi anatsinzina kapena ayi. Chifukwa filimu inali yodula, sindinkadina msanga. Ndinkayamba ndakhala pamphasa, kufunsa za mvula, za matenda, za ana amene anapita ku Joni, mpaka mapewa a munthuyo atatsika ndipo waiwala kuti ndili ndi kamera. Nkhope yeniyeni imatuluka pamenepo. Masiku ano mumadina kambirimbiri m'mphindi imodzi, choncho mumabwerako ndi zovala ndi tsitsi, mwini wake mutamusiya pakhomo.

Za malo usadandaule kwambiri, koma phunzira dzuwa la kwanu kuno. Ku Nkopola ndi ku Makawa nyanja ili chakum'mawa, kotero kuwala kofewa umakupeza m'mamawa asodzi akamakocheza ndi usipa, pomwe ku Chembe, ku Cape Maclear, gombe linayang'ana cha kumadzulo ndipo nthawi yabwino ndi dzuwa likamalowa. Dziwanso kuti ukamuika munthu wakhungu lakuda kutsogolo kwa madzi owala, kamera imayeza kuwala kwa madziwo n'kuidetsa nkhope kuposa mmene ilili. Ambiri amene amapempha kuyeretsedwa khungu akudandaula za chimenechi osadziwa. Yeza kuwala pankhope, ndipo mwana wina akugwirire nsalu yoyera chapansi kuti ibweze kuwala m'maso. Ukatero udzaona kuti pempho lija lichepa lokha.

Mayi wojambula ku Namwera

Achimwene, ine ndikugwirizana ndi a Mdala pa nkhani ya kucheza, koma ndiwonjezerepo za kwa ife kuno. Azimayi ambiri a Chisilamu safuna kujambulidwa ndi bambo wachilendo, ndipo ena safuna n'komwe kuti chithunzi chawo chikaoneke pa Facebook. Ndinaphunzira kupempha chilolezo kawiri, choyamba chojambula, chachiwiri choonetsa kwa anthu, ndipo akakana chachiwiricho sindinyinyirika. Chifukwa cha zimenezo amandiitana m'nyumba pa tsiku la Idi, nthawi imene banja lonse lavala zatsopano, ndipo kumeneko n'kumene ndinajambula zithunzi zimene ndimazikonda kwambiri ngakhale kuti palibe wakunja amene adzazione.

Chimene chinandibwezera mphamvu ndi ichi. Ndinayamba kujambula agogo a m'mudzi mwathu Loweruka limodzi pamwezi osalipiritsa, kenaka n'kutsukitsa chithunzicho papepala n'kukawapatsa m'manja. Ambiri a iwo chithunzi chokha chimene anali nacho ndi cha pa chiphaso cha unzika chimene anajambulitsa m'kalembera wa 2017, nkhope itauma ngati ya munthu woimbidwa mlandu. Gogo wina atalandira chake anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananena kuti waona mayi ake. Atamwalira, ana ake anabwera kudzapempha kuti ndiwatsukire zinayi, aliyense apite nacho kwake. Chithunzi cha pafoni chimatayika foniyo ikagwera m'madzi kapena ikagulitsidwa, koma cha papepala chimakhala m'sutikesi pamodzi ndi zikalata za munda.

Wamalonda wa ku Mpondasi

Ine ndisiyanako pang'ono ndi anzangawa, ndipo mundikhululukire. Nthawi zambiri chimene timachitcha kutha kwa chidwi ndi kutopa kobwera chifukwa chotchipitsa ntchito. Munthu amene wajambula ukwati kuyambira m'mawa mpaka usiku m'mwezi wa Okutobala, kutentha kwake mukukudziwa, ndiyeno n'kutha mwezi wathunthu akulondalonda ndalama yotsala, sangakhale ndi mtima wokacheza ndi agogo Loweruka. Landirani theka la mtengo pa Airtel Money kapena pa Mpamba musanatuluke m'nyumba, ndipo zithunzi zomaliza muzipereka ndalama yonse itakwana. Mukachita zimenezo mudzatha kukana ntchito ziwiri kapena zitatu pamwezi, ndipo masiku amenewo ndi amene mungajambule zimene mtima wanu ukufuna. Za nsanja ya wotchi musaipeputse. Yakhala pamenepo kuyambira 1903, nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, ndipo kwa mnyamata wochokera ku Makanjira amene wafika pa Boma koyamba, kuima pamenepo si nkhani yaing'ono ngakhale inu mwaiona kokwanira.

Wojambula wa pa Boma

Zikomo kwambiri nonse. A Mdala, ndabwerera ku zithunzi za pa mlatho zija ndipo ndapezadi kuti nkhope zambiri ndinazidetsa ndekha chifukwa cha kuwala kwa mtsinje wa Shire kumbuyo. Amayi a ku Namwera, pali bambo wina wosoka maukonde amene ndimamudutsa tsiku lililonse popita kumsika, ndipo sindinamufunsepo ngakhale dzina. Mawa ndipita kukamupatsa moni kamera nditaisiya kunyumba. Ndikufunsenipo: pepala limene mumatsukirapo zithunzi za agogo ndi lonyezimira kapena losanyezimira, poti kuno chinyezi ndi fumbi zimaononga zinthu msanga?