Galasi lakutsogolo likuchita nthunzi mvula ikamagwa, ndiyambire pati?

Dalaivala wa pa Kamuzu Road:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Toyota Sienta yakale, ya mabatani opotokola, ndimanyamula anthu pakati pa Salima ndi Nkhotakota. Chiyambireni mvula, galasi lakutsogolo likumachita nthunzi mkati moti ndikumayendetsa kansanza kali m'manja. Ndikapotokolera pa chizindikiro cha galasi, mphepo ikumatuluka yochepa kwambiri. Fani nayo ikumagwira pa 4 pokha, pa 1, 2 ndi 3 ili zii. Wina akuti ndingothiritsa gasi wa AC, makina oziziritsa mphepo. Zoona?

Wamagetsi a galimoto, Salima:
Achimwene, za gasi ziyambe zadikira. Fani ikamagwira pa sipidi yomaliza yokha, ndiye kuti resistor yapsa. Pa 1, 2 ndi 3 magetsi amadutsa mu resistor kuti achepe mphamvu, koma pa 4 amapita molunjika ku mota, n'chifukwa chake pokhapo pakugwira. Resistor ili mbali ya pasenjala, pansi pa kabokosi ka pa dashibodi, pafupi ndi mota ya fani. Muzula pulagi, mumasula masikuluu awiri, yatuluka. Pitani nayo yakaleyo kogula kuti mufananize pulagi.

Koma musangosintha n'kusiyira pomwepo. Resistor imazizira ndi mphepo ya fani yomweyo, ndiye mphepo ikachepa imatentha mpaka kupsa, yatsopanonso ipsa chimodzimodzi. Finyani kabokosi kaja m'mbali zonse ziwiri kagwere pansi, kumbuyo kwake mupeza filter, sefa ya mphepo yolowa mkati. Fumbi la chilimwe chonse limakhala mmenemo, likakumana ndi chinyezi limasanduka matope. Ikakhala yakuda, gulani ina, osaichapa. Kenako tsitsani mota ya fani, masikuluu ake ndi atatu, muizungulitse ndi chala. Ikamalimba kapena kulira, ikukoka magetsi ambiri, nayonso imawotcha resistor. Onaninso ngati makoswe sanaunjikemo zinyalala. Chonde fyuzi ikapsa ikani ya nambala yomweyo, osamangapo waya, galimoto zimayaka nazo zimenezo.

Wa ma AC ku Nkhotakota boma:
Anzangawa anena zoona, ine ndiwonjezere za kuuma kwa mphepo. Chimene chimachotsa nthunzi ndi mphepo youma, ndipo imene imaumitsa ndi AC. Kunyanja kuno mpweya ndi wachinyezi kale, muonjezerepo anthu odzadza m'galimoto, zovala zonyowa, mawindo otseka. Choyamba onani kachitsulo kosankhira mphepo. Kakakhala pa chizindikiro cha muvi wozungulira mkati, mukungobweza mpweya umene anthu apuma. Kaikeni pa mphepo yakunja.

Kuti mudziwe ngati kompulesa (pampu ya gasi wa AC) ikugwira, lizani injini, yatsani fani ndi A/C, wina ayang'ane pansi pa boneti. Pamveke kuti "tha", pakati pa pulley, kagudumu ka kompulesa koyendapo lamba, payambe kuzungulira limodzi ndi lamba. Zikapanda kutero, onani kaye fyuzi ya AC ndi relay yake, ka switch ka magetsi koyatsa kompulesa. Zikakhala bwino, apo m'pamene tingakambe za gasi, chifukwa akachepa pali switch imene imaletsa kompulesa kuyaka kuti isaphwanyike. Gasi wake ndi R134a, kuchuluka kwake kwalembedwa pa sitika pansi pa boneti. Gasi satha ngati petulo, akachepa ndiye kuti pena pakudontha. Fufuzani pamene pali mafuta ogwira fumbi m'molumikizira mapaipi ndi pa condenser, chozizirira gasi chimene chili kutsogolo kwa radiator, pamene miyala imamenya. Wothira atseke kaye podonthapo, akoke mpweya ndi vacuum pump kwa mphindi ngati 30, athire poyeza pa sikelo. Ongothira mwachiyerekezo akubwezerani pomwepo mwezi usanathe.

AC ikamagwira, pansi pa galimoto pazidontha madzi. Pakauma koma kapeti ya pasenjala ili yonyowa, kapaipi kotayira madzi katseka. Kaboolereni ndi kawaya kofewa, kapetiyo muiyanike, apo ayi nthunzi sitha.

Makaniko wa ku Dwangwa:
Bambo, pukutani galasilo ndi chala muone. Ngati nthunzi yake ili yoterera ngati mafuta, mkati mukununkha kafungo kotsekemera, madzi a mu radiator akumachepa, ndiye kuti heater core, ka radiator kakang'ono ka hita kamene kali mkati mwa dashibodi, kabooka. Pamenepo mukamayatsa mphepo ya pagalasi m'pamene nthunzi imachulukira. Mongoyembekezera mutha kulumikiza mapaipi awiri opita ku hita kuti madzi asalowemo, koma kusintha kwenikweni kumafuna kugwetsa dashibodi yonse.

Ine chimandiwawa ndi chizolowezi chochotsa thermostat, kavalavu kotsekera madzi opita ku radiator mpaka injini itatentha, ati kuno n'kotentha. Pa Toyota zambiri imatseguka pa madigiri ngati 82. Ikachotsedwa injini imachedwa kutentha, hita imapereka mphepo yozizira, ndiye m'mawa wa June ndi July kapena usiku wamvula galasi silimauma msanga. AC ndi hita ziziyaka pamodzi, ndiyo njira yachangu. Injini ikatentha gwirani mapaipi awiri aja: onse akhale otentha. Imodzi ikazizira, hita yatseka ndi dzimbiri la madzi a pamjigo. Chivindikiro cha radiator musatsegule injini ili yotentha.

Dalaivala wa pa Kamuzu Road:
Zikomo akuluakulu. Filter ndi resistor ndasintha, fani ikugwira masipidi onse, kompulesa ikuyaka, fungo palibe. Chatsala n'chakuti mphepo yambiri ikutulukirabe kumaso ngakhale ndipotokolere pagalasi.

Wamagetsi a galimoto, Salima:
Imeneyo ndi cable yochokera pa batani kupita ku kachitseko kolozera mphepo. Gonani chagada ndi tochi pansi pa dashibodi, chapakati, wina azipotokola batani. Mukaona chikopa cha cable chikusuntha chonse, kapanda kake kamasuka. Ikani batani pa galasi, kankhani kamkono ka pabokosi la hita mpaka mphepo yonse ikwere kugalasi, mupanikizire cable mu kapandako ili pomwepo. Pulasitiki yake ndi yakale, musakakamize. Galasilo mulitsukenso mkati ndi sopo pang'ono n'kupukuta ndi nsalu yoyera, osati imene mumapukutira polishi wa dashibodi, chifukwa nthunzi imagwira msanga pagalasi lamafuta.