Za chikalata cha ofufuza opaleshoni ya mwana isanachitike

Bambo a mwana: Moni nonse. Madokotala atsimikiza kuti mwana ali ndi matenda a Hirschsprung, ndipo Lachinayi adzachotsa chigawo cha thumbo lalikulu chimene chilibe maselo a minyewa yokankha chimbudzi. Atipatsanso chikalata chopempha kuti kachidutswa ka thumbo lodulidwalo kaperekedwe kwa ofufuza, koma sitinafune kusaina tisanamve maganizo anu.

Agogo aakazi: Kodi sadzamudula mopitirira muyeso n'cholinga choti ofufuzawo apeze zawo? Chimenechi ndicho chikundisowetsa tulo.

Azakhali: Ayi amayi, dokotala amadula mpaka pamene thumbo lili ndi minyewa yabwino, ndipo ofufuza amangotengako m'mphepete mwa zimene zachotsedwa kale. Akufuna maselo otchedwa stem cells, amene amabala maselo ena. Mwana akali m'mimba, maselo oterewa amayenda kuchokera kumtunda kwa matumbo kutsikira kumunsi, koma mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 5,000 alionse safika kumapeto. Ochepa amatsalira pakati pa minofu ya thumbo ngakhale munthu atabadwa, ndipo kuwapeza ndiye ntchito yeniyeni, chifukwa amafanana ndi anzawo. Ofufuza amasungunula kachidutswako ndi mankhwala otchedwa collagenase kuti maselo alekane, amathira mankhwala owala amene amamatirira puloteni ya p75 yopezeka pa maselo ofunidwawo, kenako makina amapatula maselo owalawo limodzilimodzi. Akawasunga m'mbale, amachulukana n'kupanga timipira totchedwa neurospheres, ndipo amawatsimikiza pokhapokha ataona kuti abala maselo a minyewa pamodzi ndi maselo owathandiza.

Amalume: Mwafotokoza bwino alamu, koma ndifunse mosabisa: kodi zimenezi zidzamuthandiza mwana wathuyu?

Azakhali: Sizidzamuthandiza, ndipo tisadzinamize. Kuika maselo amenewa m'thumbo lopanda minyewa kwayesedwa kwambiri pa mbewa, koma sikunafike pokhala chithandizo cha anthu. Iyeyu chimene chidzamuthandize ndi opaleshoniyo, kaya tisaine kaya tisasaine.

Amayi a mwana: Ine ndikuvomera, malinga ngati dzina lake silidzalembedwa pa maselowo, komanso ngati tili ndi ufulu wosintha maganizo pambuyo pake.

Bambo a mwana: Ndiye achemwali, mawa mutiperekeze kuchipatala kuti mfundo ziwirizi mukazifufuze m'chikalatacho tisanasaine. Amayi, inu mudzakhale ndi ana enawa Lachinayi, ndipo alamu mudzatipeze kuwodi madzulo.

Agogo aakazi: Ndamva, koma mudzandiimbire akangotsitsimuka.